Chamupha n'chiyani? Makina ounikira m'thupi ndi funso la anamfedwa ku Mzuzu

Pa maliro alionse kuno kwathu pamakhala munthu amene amapatsidwa udindo wofotokoza za matenda a malemu. Amaimirira, n'kuthokoza mafumu ndi a mpingo, kenaka n'kuyamba: adadandaula mutu Lachiwiri, tidapita naye kuchipatala chaching'ono, adatitumiza kuboma, kuboma adatitumiza ku Mzuzu, ndipo Loweruka m'bandakucha adatisiya. Akatero amakhala pansi. Anthu amagwedeza mitu, koma aliyense amadziwa kuti chomwe wamva ndi ulendo wa wodwalayo basi, dzina la nthenda yomwe yamutenga silinatchulidwe. Dzinalo likasowa, anthu amalifuna okha pobwerera kumanda, ndipo kawirikawiri lomwe amalipeza limakhala dzina la munthu.

Ambiri tikukumbukira zomwe zidachitika ku Neno mu Januwale 2016, pamene agogo anayi adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wina m'mudzimo. Ngati mphenzi yogwa poyera idabala zoterezi, nanga imfa yochitikira kuseri kwa chitseko, m'chipinda chomwe abale amangolowamo mphindi zowerengeka?

Chipinda chomwe ndikunena ndi cha odwala mwakayakaya, chomwe achipatala amachitcha ICU. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chidamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan ndipo chidatsegulidwa m'chaka cha 2000, ndicho chimalandira odwala ovutikitsitsa ochokera m'maboma onse asanu ndi limodzi a chigawo cha kumpoto: Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba. Wodwala akamafika mu ICU amakhala atadutsa kale m'manja ambiri. Nthawi zambiri sayankhula, amapuma mothandizidwa ndi makina, ndipo sangauze dokotala pomwe pakupweteka. Matenda amakhala atapiringizana: impso zafooka, mapapo adzaza madzi, magazi ali ndi tizilombo. Akamwalira, ngakhale dokotala waluso amatha kutsala ndi funso mumtima kuti mwa zonsezi chenicheni chomwe chamumaliza n'chiti.

Njira yakale yopezera yankho ndi kupima mtembo poung'amba. Katswiri amatsegula chifuwa, mimba ndi mutu, n'kuona chiwalo chilichonse ndi maso, n'kudulako tizidutswa tokaunika pa maikulosikopu. M'maiko ena akuyesa njira ina, youjambula mtembo ndi makina a CT kapena MRI popanda kuucheka paliponse. Funso langa ndi lakuti, kodi njira imeneyi ingatithandize ife a ku Mzuzu ndi madera ozungulira?

Chifukwa chomwe timakanira mpeni

Tisafulumire kunena kuti okana kupimitsa mtembo ndi mbuli. Zifukwa zawo n'zomveka. Banja lochokera ku Chitipa lili ndi ulendo wa makilomita oposa 300 kuti likafike kumudzi. Galimoto ya hayala yaima panja ndipo tsiku lililonse loonjezera ndi ndalama. Kumudzi anthu asonkhana kale, ufa ukutha, adzukulu akudikira uthenga kuti ayambe kukumba. Wa ku Likoma ayenera kuwerengera tsiku la sitima ku Nkhata Bay. Abale athu achisilamu chipembedzo chawo chimafuna kuti maliro aikidwe msanga, thupi lili lathunthu. Enafe timangoti munthu wavutika kale mokwanira, n'kumuchekeranji?

Palinso mantha. Dziko lino laona anthu achialubino akuphedwa ndi manda awo akufukulidwa chifukwa cha mafupa, mpaka Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za opezeka ndi ziwalo za anthu mu 2016. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera, ndipo mu 2020 zidamvekanso m'maboma ena kuno kumpoto. Munthu wokulira m'nkhani zoterezi ukamuuza kuti tikufuna titsegule thupi la mayi ako, choyamba kumubwerera m'mutu ndi chakuti pali chomwe chichotsedwemo.

Izi si za ku Malawi kokha. Pachipatala chachikulu cha University Teaching Hospital ku Lusaka, madokotala adapempha makolo ndi abale a ana omwalira ndi matenda a m'chifuwa kuti alole anawo apimidwe. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2001 zidaonetsa kuti atatu mwa anayi alionse adakana. Chifukwa chomwe chidatchulidwa kwambiri sichidali cha mizimu ayi. Ambiri adati n'kutaya nthawi poti mwanayo wapita kale, ndipo ena adati chikalata cha imfa atenga kale komanso galimoto yakonzedwa.

Zomwe akufa aphunzitsa amoyo

Kodi n'kutayadi nthawi? Pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi Malcolm Molyneux lidayamba mu 1996 kupima matupi a ana omwalira atakomoka, makolo awo atavomereza. Mu 2004 adalengeza zomwe zidadabwitsa ambiri. Mwa ana 31 omwe madokotala adali atalemba kuti amwalira ndi malungo a muubongo, asanu ndi awiri adapezeka kuti adafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tidalidi m'magazi mwawo, monga timakhalira mwa ana ambiri m'nyengo ya dzinja, koma chowapha chidali china. Kafukufuku yemweyo adatsimikiza kuti dokotala akaunika kuseri kwa diso la mwana wokomoka amatha kuona zizindikiro zosiyanitsa malungo enieni a muubongo ndi matenda ena. Nzeru imeneyi idachokera kwa makolo amene, ali ndi misozi m'maso, adati pimani.

Ku Lusaka komwe kuja, kafukufuku wina wa mu 2015 adapima matupi 125 a akuluakulu omwalirira m'chipatala. Mwa iwo 78 adali ndi chifuwa chachikulu, ndipo mmodzi mwa anayi alionse a amenewa adamwalira nthendayo isadadziwike. Taganizani banja la munthu woteroyo. Mkazi ndi ana omwe ankagona naye chipinda chimodzi adayenera kukayezetsa, koma angapite bwanji poti palibe adawauza?

Ine ndimaphunzitsa Biology pasekondale ina yoyendera kumudzi, kunja kwa mzinda wa Mzuzu. Pafupifupi teremu iliyonse pamakhala wophunzira wobwera kuchokera koika kholo. Ukamufunsa modekha chomwe chidavuta, yankho limakhala lakuti adangodwala, kapena adatupa miyendo, kapena adagwa kumunda. Mwana yemweyo mawa lake ndimuphunzitsa za kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi matenda oyenda m'magazi a pamtundu, koma sangathe kulumikiza phunzirolo ndi nyumba yakwawo. Akadzakula dokotala adzamufunsa ngati kwawo kuli amene adadwalapo mtima, iye adzati sakudziwa. Apa ndi pomwe kusadziwa chomwe chapha munthu mmodzi kumasanduka ngozi kwa otsala.

Momwe makinawo amagwirira ntchito

CT ndi mchimwene wake wa ekisire yomwe tonse timaidziwa. Munthu amagonekedwa pakabedi kamene kamalowa m'chibowo chozungulira, ndipo kuwala kwa ekisire kumamuzungulira mbali zonse. Kompyuta imasonkhanitsa zithunzi zambirimbiri n'kuonetsa thupilo ngati buledi wodulidwa m'mapisi opyapyala, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ntchito yojambulayo imatenga mphindi zochepa chabe. MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu m'malo mwa ekisire, imachedwerapo, koma imaonetsa bwino ziwalo zofewa monga ubongo. Pojambula mtembo, thupi limatha kukhala m'thumba lake lotseka, osavulidwa, osakhudzidwa ndi chitsulo chilichonse. Zithunzizo zimasungidwa, ndipo katswiri wina atha kudzazionanso patapita zaka, pomwe thupi loikidwa m'manda silibwerera.

Amene adatchukitsa njirayi ndi akatswiri a payunivesite ya Bern ku Switzerland, Richard Dirnhofer ndi Michael Thali, cha m'ma 2000, ndipo poyamba ankaigwiritsa ntchito pa milandu ya apolisi. Ku England idakula chifukwa Asilamu ndi Ayuda ankapempha boma njira yosacheka matupi a abale awo.

Amene adaiyesa pa odwala a mu ICU ndi dokotala Dominic Wichmann ndi anzake mumzinda wa Hamburg ku Germany, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2012. Mwa odwala 285 omwe adamwalira m'zipinda za ICU za chipatala chawo m'miyezi ya kafukufukuyo, 162 adajambulidwa ndi CT, koma 47 okha ndiwo adapimidwanso ndi mpeni. Chiwerengero chimenechi chikutiuza kale kanthu: ngakhale ku Ulaya, kujambula kumatheka pa anthu ambiri kuposa kung'amba. Pa anthu 47 aja, madokotala adali atalemba matenda 196 asadamwalire. Makina adatsimikiza 173 mwa matendawo, pomwe mpeni udatsimikiza 183. Njira ziwirizi pamodzi zidatulukiranso matenda aakulu 14 omwe madokotala sadawadziwe wodwala ali moyo, ndipo kumeneko n'kuchipatala chokhala ndi zipangizo zonse.

Komabe njira iliyonse idali ndi khungu lake. Makina adaphonya mavuto 9 mwa 72 a mtima ndi mitsempha ya magazi, komanso khansa 12 mwa 30. Mpeni nawo udaphonya mafupa othyoka 13 ndi anthu awiri omwe mpweya udatsekeredwa m'chifuwa kunja kwa mapapo, zinthu zomwe CT imaziona mosavuta. Kafukufuku wina wa ku Manchester ndi Oxford, wa matupi 182, adapeza kuti pa imfa imodzi mwa zitatu zilizonse yankho la CT lidasiyana kwambiri ndi la mpeni, ndipo MRI idaphonya koposa pamenepo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wamoyo akamajambulidwa amabayidwa mankhwala omwe mtima umawayendetsa m'mitsempha kuti ioneke bwino pachithunzi. Mtima wa womwalira waima, ndipo magazi ake amaundana okha, kotero n'kovuta kusiyanitsa kuundana komwe kwamupha ndi komwe kwadza atafa kale. Akatswiri adapanga pampu yoyendetsa mankhwalawo mumtembo, ndipo imathandiza, koma ndi chipangizo china chofuna ndalama ndi anthu ophunzira. Chachikulu kwa ife n'chakuti chithunzi sichitchula dzina la kachilombo. Chitha kuonetsa kuti mapapo awonongeka, koma sichinganene motsimikiza ngati ndi chifuwa chachikulu, chibayo kapena nthenda ina. M'dziko lomwe anthu ambiri amafa ndi matenda opatsirana, chimenechi si chilema chaching'ono.

Phunziro la ku Gulupu

Malawi ali ndi umboni wakewake wa mphamvu ya makinawa. Atapima matupi kwa zaka zambiri, akatswiri a ku Gulupu aja adatsalabe ndi funso: malungo a muubongo amapha bwanji mwana? Mu 2008 kampani ya General Electric idathandiza kuti pachipatalapo paikidwe makina a MRI, ndipo ana okomoka adayamba kujambulidwa akadali moyo. Katswiri wa zithunzi wa ku Malawi konkuno, Sam Kampondeni, adali mmodzi wa omasulira zithunzizo. Mu 2015, Karl Seydel ndi anzake adalengeza zotsatira za ana 168. Mwa ana 25 omwe adamwalira, 21 adali ndi ubongo wotupa kwambiri pofika m'chipatala, pomwe mwa omwe adachira otupa motero adali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Ubongo ukatupa m'chigaza chomwe sichitanuka, umapanikiza gawo lomwe limalamula kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma.

Onani apa kuti mpeni udapeza zomwe makina sakadapeza, ndipo makina adapeza zomwe mpeni udalephera kutsimikiza. Onaninso kuti makinawo adathandiza kwambiri pojambula amoyo. Pamenepa ndi pomwe pali vuto lalikulu la nkhani yathu.

Amoyo ali pamzere

Makina a CT ndi MRI m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo akatswiri omasulira zithunzi ndi ochepa koposa. Pamsewu wa M1 pokwera Chiweta ndi m'nkhalango ya Chikangawa pamachitika ngozi, ndipo m'tauni muno njinga zamoto zakabaza zikuvulaza anthu m'mutu tsiku ndi tsiku. Aliyense wa amenewa, pamodzi ndi agogo ogwidwa sitiroko ndi mayi woganiziridwa khansa, amafuna makina omwewo. Makinawa amafuna magetsi osadukiza ndi chipinda chozizira, ndipo chubu chotulutsa ekisire chimatha ndi ntchito, chogulira china n'chodula ndipo chimachokera kunja. Palibe munthu wanzeru amene angati wodwala adikire panja chifukwa m'kati muli mtembo. Nthawi ya mliri wa Covid-19 mu 2020, malipoti ankanena za mabedi a ICU pafupifupi 25 okha m'dziko lonse. Dziko lotere likapeza ndalama, choyamba ndi bedi, mpweya ndi namwino.

Ndikuvomereza zonsezi, koma sindikuona kuti zikutseka nkhani. Anthu omwalirira mu ICU omwe imfa yawo yasiya funso lenileni si ambiri pa mwezi. Kujambula mmodzi kumatenga nthawi yochepa, ndipo kungachitike madzulo kapena m'mamawa pamene mzere wa amoyo watha. Zithunzi sizifuna kuti katswiri akwere basi. Zimatumizidwa pa intaneti ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale kunja, yankho n'kubwera pomwe banja likuyenda ndi maliro. Ndipo phindu lake limabwerera kwa wodwala wotsatira pabedi lomwelo. Dokotala akadziwa kuti m'mutu mwa malemu mudali magazi omwe sadawaganizire, mawa adzawaganizira.

Singano ndi mafunso

Pali njira zina ziwiri zomwe mwina zikutiyenera kuposa makina odula. Yoyamba ndi ya singano. M'malo motsegula thupi, wachipatala wophunzitsidwa amabaya singano zapadera n'kutengako tizidutswa tating'ono ngati njere za mpunga kuchokera m'mapapo, m'chiwindi ndi muubongo, pamodzi ndi magazi ndi madzi a mumsana. Thupi limatsala ndi timabowo tosaoneka bwinobwino, ndipo limaperekedwa kwa abale tsiku lomwelo. Ku Mozambique, pachipatala chachikulu cha Maputo, adayerekeza njirayi ndi mpeni pa akuluakulu 112, ndipo mayankho adagwirizana pa atatu mwa anayi alionse, makamaka pa matenda opatsirana. Lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito pofufuza imfa za ana ku Manhiça m'dziko lomwelo, ku Soweto ku South Africa, ku Kenya ndi maiko ena, ndipo ku Gulupu idayesedwanso pa ana. Singano imapeza dzina la kachilombo lomwe chithunzi sichingapeze, ndipo chithunzi chimauza singano poyenera kubaya. Ziwirizi zikaphatikizana, yankho limayandikira kwambiri la mpeni.

Ngakhale kathonje chabe kamatha kunena zambiri. Ku Lusaka mu 2020, ofufuza adapukuta m'mphuno mwa anthu 364 omwalira omwe adafika m'nyumba ya chisoni ya chipatala chachikulu, ndipo 70 adapezeka ndi kachilombo ka Covid-19. Ambiri a iwo sadayezedwepo ali moyo.

Njira yachiwiri tili nayo kale kuno kumpoto. Ku Chilumba m'boma la Karonga, komwe kafukufuku wa zaumoyo adayamba ndi nthenda ya khate mu 1979, akhala akulemba kubadwa ndi kumwalira kwa anthu a m'midzi yozungulira kuyambira mu 2002. Munthu akamwalira, ofufuza amapita kwa omwe ankamudwazika n'kuwafunsa mafunso okonzedwa bwino za momwe matenda adayendera, kenaka madokotala amaunika mayankhowo n'kutchula chomwe chikuoneka kuti chidamupha. Njirayi siyinganene zambiri za wodwala wa mu ICU, koma kwa anthu ochuluka omwe amafera kunyumba ndi yokhayo yomwe ilipo.

Pomwe mpeni sungalowedwe m'malo

Pali imfa zina zomwe sitiyenera kulola kuti chithunzi chokha chiziweruza. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, adapezeka atafa pa 24 Seputembala 2011, ndipo apolisi adati adadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Katswiri wopima matupi, Charles Dzamalala, adapeza kuti mabala a m'mutu mwake adali a munthu womenyedwa, ndipo komiti yofufuza yomwe idakhazikitsidwa mu 2012 idatsimikiza kuti adachita kuphedwa. Mu Febuluwale 2019, Buleya Lule adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo katswiri yemweyo adapeza kuti adaphedwa ndi magetsi. Zipsera za pakhungu, poizoni wa m'mimba ndi zala za munthu pakhosi zimafuna maso, manja ndi labotale. Makina angathandize poonetsa mafupa othyoka ndi pomwe pali chipolopolo, koma pa imfa yokayikitsa, ya m'chitokosi, kapena yomwe banja likuganiza kuti padali kunyozera, kupima kwathunthu kuyenera kuchitika. Njira yofatsa isasanduke pobisalira anthu oopa choonadi.

Chomwe tingachite

Choyamba sichifuna makina alionse. Banja lililonse lotaya munthu mu ICU likhale pansi ndi dokotala, ngakhale kwa mphindi khumi, lisanatenge thupi, ndipo liuzidwe m'chiyankhulo chake, kaya Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya kapena Chichewa, chomwe chidachitika ndi chomwe madokotala akuchikayikira. Chikalata cha imfa chimalembedwa m'Chingerezi cha achipatala chomwe ngakhale ife aphunzitsi timachiwerenga movutikira. Wofotokoza za matenda pamaliro apatsidwe mawu oti akanene kumudzi. Ndikudziwa kuti anamwino ndi madokotala athu ndi ochepa ndipo amatopa, koma mphindi khumi zimenezi zitha kupulumutsa gogo wina kumudzi.

Chachiwiri, Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences aganizire zoyesa njira ya chithunzi ndi singano pa imfa zosamvetsetseka za mu ICU, ndipo poyesapo asaiwale Mzuzu. Kafukufuku wambiri wa zachipatala amathera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pomwe banja la kumpoto ndilo limayenda mtunda wautali ndi maliro, ndipo ndilo lingapindule kwambiri ndi njira yosachedwetsa. Lamulo lake likhale lomveka: amoyo patsogolo, banja livomereze mosakakamizidwa, lisalipitsidwe, ndipo zotsatira zilifike. Palibe chokhumudwitsa ngati kuvomera kupimitsa m'bale wako, kenaka osamvanso kanthu.

Chachitatu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti afunsidwe maganizo ntchito isanayambe, osati kungoitanidwa kudzaombera m'manja. Akuluakulu a Sinodi ya Livingstonia, Dayosizi ya Mzuzu ndi mashehe akaona ndi maso awo momwe thupi limalowera m'makina ndi momwe limatulukira, mawu awo adzamveka kumidzi kuposa chikalata chilichonse cha boma. Wachibale mmodzi aloledwe kuperekeza thupi mpaka pakhomo la chipinda chojambulira ndi kulilandiranso pomwepo. Mphekesera imamera pomwe zinthu zachitikira mumdima.

Sindikunena kuti chithunzi chidzathetsa nkhani za ufiti. Alipo amene ukawauza kuti mtsempha udaphulika muubongo adzafunsabe kuti adauphulitsa ndani. Koma mlamu wa malemu akaimirira pamaliro n'kunena kuti madokotala apeza kuti kudali kuthamanga kwa magazi, ndipo atilangiza kuti ana onse a m'nyumbamo akayezetse, anthu ambiri amabwerera kwawo ndi nkhani ina m'kamwa. Ena mawa lake amapitadi kukayezetsa.

Kwa ife anamfedwa a mawa, akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kufunsa dokotala chomwe chapha m'bale wathu si mwano ndipo si kukana chifuniro cha Mulungu. Tifunse ngati nthendayo ndi yopatsirana, ngati ndi yoyenda m'magazi a pamtundu, ndiponso ngati pali njira yotsimikizira yomwe siyichedwetsa maliro. Yankho tikalilandira tililembe ndi kulisunga pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana, chifukwa tsiku lina dokotala adzawafunsa anawo chomwe chidatenga bambo kapena mayi awo.